Maule a 2004 monga tinawamvera ku Makwasa

Ku Makwasa kulibe timu imene inatengapo ligi yaikulu ya dziko lino. Kuchoka pamsika wa Makwasa kukafika pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita oposa 60, kudzera pa boma la Thyolo, pa Bvumbwe mpaka ku Limbe. Kwa munthu wothyola tiyi, ndalama ya minibasi popita ndi pobwera, kuphatikizapo yolipira pachipata, inkameza malipiro a masiku angapo. Choncho ambiri mwa amene ankafera Bullets kuno sanamuonepo Fischer Kondowe kapena Swadick Sanudi ndi maso awo. Komabe mukakhala pansi ndi abambo a zaka za m'ma 40 kapena 50 kumalayini a esiteti n'kungotchula chaka cha 2004, nkhope zimawala, ndipo amakusimbirani za chaka chimene "tinawatulutsa a Pirates" ngati nkhani ya pakhomo pawo.

Dera lino linaumbidwa ndi tiyi komanso mishoni. Tiyi anafika m'boma la Thyolo mu 1908 atayamba kale ku Mulanje, ndipo m'zaka zotsatira zitunda zimene zinali nkhalango ndi minda ya Amang'anja zinasanduka maesiteti a azungu. Manja ambiri othyola masambawo anali a Alhomwe, amene anawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi koma n'kudzagweranso m'thangata. Mishoni ya Malamulo inayamba mu 1902, pamene mpingo wa Seventh-day Adventist unagula malo amene Joseph Booth anawatcha Plainfield, ndipo mmishonale woyamba kuyendetsa ntchitoyo anali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. Pamenepo panadzakula sukulu ndi chipatala chimene chinatchuka ndi kuchiza khate. Eni maesiteti anali ndi kalabu yawo ku Thyolo kumene ankasewera gofu, ndipo m'masiku a atsamunda munthu wakuda ankalowako kukatumikira basi. Masewero amene anagwera anthu wamba ndi mpira wamiyendo, umene unafalikira m'dziko muno kudzera m'sukulu za amishoni.

Mpira unakhazikika chifukwa sufuna chuma. Mwana wa kumalayini amatolera majumbo a shuga ndi a sopo, amawafinya mpaka akhale chibulunga cholimba, amakutira ndi jumbo lochindikala, amaliyandikiza pamoto pang'ono kuti ligwirane, kenaka amaluka ndi malegeni kapena chingwe cha thumba la feteleza. Wachikulunga wapsa. Goli ndi njerwa ziwiri. Popeza kuno malo athyathyathya ndi osowa, mabwalo ambiri a ana ndi opendekeka, ndipo timu imene ikusewera chotsetsereka imadziwa kuti iyenera kumwetsa zigoli zake isanafike nthawi yosinthana mbali. Pamabwalo otere mwana aliyense amadzipatsa dzina la wosewera wamkulu. A m'ma 1970 ankalimbirana kukhala Kinnah Phiri. A m'ma 1980 ankafuna kukhala Lawrence Waya.

Bullets inabadwa mu 1967, pamene osewera ena anapatuka ku Wanderers, timu imene inayamba mu 1962. Udani wa pachibale umene timauona mpaka lero pakati pa Maule (Bullets) ndi Manoma (Wanderers), kutchulana kuti neba uku akunyogodolana, unayambira pamenepo. Posakhalitsa kampani ya nsapato ya Bata inaitenga timu yatsopanoyo, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 dzina lakuti Bata Bullets linamveka m'nyumba iliyonse imene munali wailesi. Umu ndi mmene mpira wa dziko lino wakhala ukuyendera: timu imavala dzina la amene akuidyetsa. Wanderers yakhalapo Yamaha, Limbe Leaf, Telecom, MTL ndi Be Forward. Silver Strikers ndi ya banki yaikulu ya Reserve. Panali ADMARC Tigers, MDC United, Hardware Stars, ESCOM United. Kampani ikafooka, timu nayo imadwala, ndipo ena mwa mayina amenewa lero amangokumbukidwa ndi akuluakulu.

Chimene chinaipatsa Bullets mtima wa anthu a kumidzi kwambiri ndi Kinnah Phiri. Iye ndiye anamwetsa zigoli zochuluka kuposa wina aliyense m'mbiri ya timu ya dziko lino, zigoli 71, ndipo anali msana wa timu imene inatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, itagonjetsa Zambia 3-2 pa bwalo la Kamuzu, n'kuchitetezanso ku Kenya mu 1979. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1980 anachoka m'dziko muno n'kukasewera ku Manzini Wanderers ku Swaziland. Anthu anamulira ngati wachibale wopita kutheba. Ligi ya dziko lonse, Super League, itayamba mu 1986, iye kunalibe, koma akatswiri oyamba anali Bata Bullets yomweyo.

Zonsezi ku Makwasa zinkafika kudzera pa wailesi ya MBC. Wailesi ya kanema ya TVM inayamba mu 1999, ndipo ngakhale pofika 2004 nyumba zokhala ndi kanema ndi magetsi kumalayini zinali zowerengeka. Tsiku la masewero aakulu mabatire ankayanikidwa padzuwa kuyambira m'mawa, poti anthu ankakhulupirira kuti akatenthedwa amabwezako mphamvu. Mwini wailesi ankamangirira waya ku mlongoti wake n'kuukoleka pa nthambi ya mtengo kapena pa denga la malata, ndipo iye yekha ndiye anali ndi chilolezo chogwira kabatani. Ena onse ankakhala mozungulira, wina pa njerwa, wina pa dengu lothyolera tiyi lovundikira. Mawu a Steve Liwewe Banda akayamba kukwera, aliyense ankasiya kutafuna. Nthawi zambiri chiphokoso cha pabwalo chinkafika msanga kuposa mawu a woulutsa, moti anthu ankadumpha asanadziwe n'komwe kuti wagoletsa ndani. Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma omvera pawailesi a ku Makwasa ankatha kukufotokozera chigoli chonse, kumene mpira unachokera ndi mwendo umene unamenya, ndipo pokangana Lolemba m'munda, kapitawo ali chapatali, sankalola kugonja kwa munthu amene anapitadi ku Blantyre.

Kuno kunalinso vuto lake lapadera. Mabanja ambiri ozungulira Malamulo amasunga Sabata kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu mpaka kulowa kwa dzuwa Loweruka, ndipo masewero ambiri a ligi amachitika Loweruka masana. M'nyumba zotere wailesi ya mpira sinkatsegulidwa. Mnyamata wokonda Maule ankakhala m'mapemphero a masana mtima uli dyokodyoko, akumva kutali kufuula kwa anzake a mipingo ina koma osadziwa ngati ndi kufuula kwa Maule kapena kwa aneba. Dzuwa likangolowa, Sabata atatsekera, ankathamangira kumsika kukafunsa. Ine ndimawalemekeza anyamata amenewo. Anasunga chikhulupiriro cha makolo awo, ndipo timu yawo sanaitaye. Masewero a Lamulungu ndiwo ankasonkhanitsa mudzi wonse, wa Sabata ndi wa Katolika pa wailesi imodzi.

Pamene zaka za m'ma 1990 zinkatha, Bullets inalowa m'nyengo imene palibe timu ina yaifikapo. Inatenga ligi mu 1999 ndi mu 2000 ikadali Bata Bullets. Bata itasiya, kampani ya mafuta ya Total inalowa, ndipo Total Big Bullets inatenganso mu 2001 ndi 2002. Zaka zimenezi zinali zowawa m'dziko muno. Njala ya 2002 inapha anthu, ndipo m'boma lothinana ngati la Thyolo, kumene malo abwino ambiri ali pansi pa tiyi ndipo banja limalima kamunda kosakwana kudya chaka chonse, inaluma kwambiri. Mu 2003 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Bakili Muluzi, anayamba kuithandiza timuyi, ndipo dzina linasintha kukhala Bakili Bullets.

Nkhani ya dzinali inagawa anthu, ndipo n'koyenera kuinena mosabisa. Muluzi anali kumapeto kwa ulamuliro wake. Bilu yofuna kuchotsa malire a materemu a mtsogoleri inali itagwa m'Nyumba ya Malamulo mu 2002, ndipo chisankho cha 2004 chinali pakhomo. Ambiri anaona kuti kutenga timu yokhala ndi ochemerera ochuluka kuposa ina iliyonse m'dziko n'kuipatsa dzina lako ndi ndale basi. Masapota a zipani zina zinawawawa kutchula dzina la munthu amene sankamufuna nthawi iliyonse akamatchula timu yawo, ndipo ambiri anangokakamira dzina lakuti Maule. Koma mbali inayo ndi yoonanso. Kwa nthawi yoyamba osewera a timu ya m'Malawi anasamalidwa monga amasamalidwira anzawo a maiko olemera. Timu inakachita zokonzekera ku United Kingdom, chinthu chimene chinali chisanamvekepo. Ndipo pa mpando wa mphunzitsi panali Kinnah Phiri, atabwerera kwawo. Kwa abambo amene anamulira zaka 20 m'mbuyomo, zimenezi zokha zinali zokwanira.

Gulu limene Kinnah anali nalo linali lakupsa. Pagolo panali Swadick Sanudi. Kumbuyo kunali Peter Mponda, wodekha, wowerenga mpira usanafike, pamodzi ndi James Chilapondwa. Kumbali kunkathamanga Fischer Kondowe, amene mapapo ake ankaoneka ngati satopa, ndipo pakati panali mnyamata wamng'ono, Robert Ng'ambi, amene anali asanakwanitse n'komwe zaka 20. Ambiri mwa iwo analinso osewera a Flames, timu ya dziko lino, choncho ankadziwana mayendedwe. Onsewa anakulira pamabwalo afumbi a dziko lomwe lino. Chimene chinasintha mu 2003 ndi 2004 ndi chakuti wosewera ankapita kokonzekera atadya, osadandaula za lendi, ndipo ulendo wa kunja unkakonzedwa nthawi ikadalipo.

Monga akatswiri a 2003, analowa mu mpikisano wa CAF Champions League wa 2004. M'miyezi yoyamba ya chakacho, masamba a tiyi ali pachimake ndipo dziko lili pa kalikiliki wa misonkhano ya kampeni, Maule anayamba kugwetsa matimu a maiko oyandikana nafe. Anatulutsa Zanaco ya ku Zambia, dziko limene kwa zaka zambiri linkatiyesa ana pa mpira. Kenaka kunabwera Orlando Pirates ya ku South Africa.

Kuti dzina limeneli linali lolemera bwanji ku Thyolo, muyenera kukumbukira za Joni. Kwa mibadwo ingapo amuna a dziko lino ankapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela ndipo kenaka TEBA, mpaka kulemba anthu kunatha kumapeto a zaka za m'ma 1980. Ankabwerako ndi njinga, mabulangete, wailesi ya makaseti, komanso nkhani za Orlando Pirates ndi Kaizer Chiefs. M'maganizo a mwana wokulira kumalayini, chilichonse cha ku Joni chinali chapamwamba, ndipo mpira wakenso unali wa kumwamba. Pirates inali itatenga chikho cha akatswiri a Africa mu 1995. Osewera athu abwino, monga Patrick Mabedi amene anachoka ku Bullets komweko n'kukakhala kaputeni wa Kaizer Chiefs, ankayesedwa opambana akalembedwa ntchito kumeneko. Tsono timu ya ku Blantyre inakumana ndi Pirates kawiri, kuno ndi kwawo, ndipo imene inapitirira ndi ya ku Blantyre. Madala amene anagwira ntchito pansi pa nthaka ya Johannesburg, kutchulidwa mayina achipongwe ngati alendo, anamva nkhaniyo ali pakhonde ku Makwasa. Sindikhulupirira kuti pali chigonjetso china cha timu ya ligi yathu chimene chinawafika pamtima anthu amenewo kuposa ichi.

Kupambanako kunaika Bakili Bullets m'gulu la matimu 8 otsala mu Africa yense, ogawidwa m'magulu awiri. Gulu lawo linali ndi Enyimba ya mumzinda wa Aba ku Nigeria, imene inali ikuteteza chikhocho, Étoile du Sahel ya ku Sousse m'dziko la Tunisia, ndi Africa Sports ya ku Abidjan. Apa msinkhu unaoneka. Maulendo anali aatali, mabwalo achilendo, ndipo ku Nigeria analandira chikwapu chowawa. Sanafike mu ndime ya matimu anayi. Koma taonani amene anawatsekereza: Enyimba ndi Étoile du Sahel ndiwo anadzakumana mu ndime yomaliza mu December chaka chomwecho, ndipo Enyimba inatenganso chikho pa mapenate. Maule anagwera m'gulu la matimu awiri oposa onse a chaka chimenecho, ndipo anasewera nawo masewero anayi. Kwa mwana wa sukulu ku Makwasa, mayina ngati Sousse ndi Abidjan anayamba kukhala malo enieni chifukwa Kondowe anapondako.

Ligi ya kunyumba nayo sanaitaye. Kusewera mu Africa uku ukuteteza ligi n'kovuta: umatsika ndege Lachitatu, Loweruka ukukumana ndi asilikali a Red Lions kapena Moyale Barracks amene sasamala kuti unali ku Tunisia, ndipo timu iliyonse imafuna kudzitchukitsa pogwetsa amene anagwetsa Pirates. Wanderers, imene pa nthawiyo inali MTL Wanderers, ndi Silver Strikers anali ndi njala ya zaka zambiri. Komabe pamapeto a nyengo akatswiri anali Bakili Bullets, kachisanu ndi chimodzi motsatizana. Chodabwitsa n'chakuti anthu saikumbukira kwenikweni ligi imeneyo. Anali atazolowera. Ana obadwa mu 1999 anayamba sukulu asanamvepo timu ina ikutchedwa akatswiri.

Pamene mpira unkayenda chomwechi, ndale zinali zikutembenuka, ndipo Thyolo anali pakati pake. Pa 20 May 2004 dziko linasankha Bingu wa Mutharika, mwana wa boma lino, amene Muluzi anamusankha yekha kuti aimire chipani cha UDF. Bwalo limene m'nthawi ya Muluzi linkatchedwa Chichiri linabwezeredwa dzina la Kamuzu. Ubale wa awiriwo sunachedwe kusweka, ndipo mu February 2005 Mutharika anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP. Ku Makwasa munthu mmodzi yemweyo ankatha kunyadira kuti wa kwawo ali ku nyumba ya boma, uku timu yake ikutchedwa dzina la mdani wa mtsogoleriyo. Sizinatenge nthawi. Thandizo la Muluzi linatha, dzina la Bakili linachoka, ndipo timu inatsala Big Bullets, yopanda kampani kumbuyo kwake.

Munthu wa pa esiteti sanafunikire womufotokozera zimene zinachitikazo. Nyumba ya kumalayini umaisesa, umabzala maluwa pakhomo, ana ako amabadwiramo, koma tsiku limene dzina lako lachoka m'buku la ntchito umatulutsa katundu. Ulemerero wa 2004 unali wotero: timu inkakhala m'nyumba ya mwini. Ndi mphamvu zotsalira inatenganso ligi ya 2005, kachisanu ndi chiwiri motsatizana, koma osewera anali atayamba kale kubalalika. Mponda ndi Ng'ambi anakathera ku Black Leopards, Kondowe anayambira ku Bush Bucks, Sanudi anapita ku Dynamos ya ku South Africa komweko. Dziko limene analichititsa manyazi ndi limene linawagula. Kinnah nayenso anapita kukaphunzitsa Free State Stars, asanabwerere mu 2008 kudzatenga Flames, imene anaifikitsa ku Africa Cup of Nations ya 2010 ku Angola, kumene inathira Algeria zigoli 3 kwa duu. Mponda, Sanudi ndi Ng'ambi anali m'gulu limenelo, ndipo ine ndimaona kuti ulendo wa ku Angola unayambira pa zimene anyamatawa anaphunzira mu 2004.

Kuyambira 2006 mpaka 2013 Bullets sinalawenso ligi. Wanderers inatenga mu 2006, kenaka ESCOM United ndi Silver Strikers anagawana zaka zotsatira. Timu inkadalira ndalama za pachipata ndi zopereka za anthu akufuna kwabwino, osewera akumadandaula za malipiro. Zaka zimenezo ndi zimene zimandiuza kuti timuyi ndi ya yani. Mwini dzina anachoka, kampani kunalibe, zikho kunalibe, koma pa msika wa Makwasa malaya ofiira sanathe, ndipo wailesi inkatsegulidwabe. Ligi inabwerera mu 2014 ndi 2015. Mu 2015 anayesanso za Africa ndi thumba lobooka: anatulutsa Fomboni ya ku Comoros, anagonja kwa Al Hilal ya ku Sudan, n'kutsala ndi ngongole. Kenaka kampani ya fodya ya Nyasa Manufacturing inalowa, ndipo patapita nthawi inaitenga timuyo kukhala yake, kuiyendetsa ngati bizinesi yokhala ndi ofesi, matimu a achisodzera ndi mapangano olembedwa.

Pansi pa Kalisto Pasuwa, mphunzitsi wa ku Zimbabwe amene anafika mu 2018, Maule anatenga ligi kasanu motsatizana. Mu 2023, chaka chimene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi kukokolola midzi ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi kuno ku Thyolo, anasesa zikho zonse zinayi: ligi ya TNM, chikho cha FDH Bank, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Achinyamata amene amaonera mpira pa foni ndi m'mashedi a kanema amati imeneyo ndiyo Bullets yoposa zonse, ndipo mkanganowu umatentha ndithu pakati pa bambo ndi mwana wake. Timu ya 2023 inali ndi maziko olimba kuposa ya 2004, zimenezo sindikana. Koma chaka chomwecho mu Africa inatulutsa Dragón ya ku Equatorial Guinea n'kuimitsidwa ndi TP Mazembe ya ku Lubumbashi, khomo limodzi isanafike m'magulu.

Papita zaka zoposa 20 tsopano, ndipo palibe timu ya m'Malawi imene yalowanso mu ndime ya m'magulu ya CAF Champions League. Peter Mponda, amene ankatchinga kumbuyo tsiku limene Pirates inagwa, anatenga ligi ya 2024 monga mphunzitsi wa Silver Strikers, ndipo kumayambiriro a 2025 anabwerera ku Bullets kudzakhala pa mpando umene Kinnah anakhalapo, Pasuwa atapita kukaphunzitsa Flames.